Maungu Achilendo a Bambo Nyasulu

Ku Area 25, m'zaka zija dziko linkachoka ku chipani chimodzi, panalibe golosale, saluni kapena chigayo chimene dzina lake silinadutse m'manja mwa a Laws Nyasulu. Ntchito yawo inali yolemba zikwangwani. Anabadwira ku Embangweni, kumene bambo awo anali kalipentala wa pamishoni, ndipo anafika ku Lilongwe ali mnyamata, nthawi imene likulu linkasamuka ku Zomba. Poyamba ankalemba manambala pa zitseko za maofesi atsopano. Zitsekozo zitatha, anagula njinga, anamangirira kabokosi ka penti ndi maburashi pakaliyala, n'kuyamba kuyenda m'malokeshoni.

Lamulo lawo linali limodzi: iwo amalemba chimene mwini wanena. Munthu akawapatsa dzina lolakwika kalembedwe, ankalilemba momwemo, mokongola, ndi mthunzi wake m'mbali. Chibadwire sanapekepo dzina. Ngakhale la mwana wawo mmodzi yekhayo, Fiona, linachokera kwa azakhali kumudzi. Ankati kutcha dzina ndi udindo wa eni, ndipo wolemba zikwangwani akayamba kupeka zake, tsiku lina adzapezeka atalemba kuti butchala pa khomo la chipatala.

Chimene sankatha kupirira ndi chinthu chokhala popanda chikwangwani. Pakhomo pawo chitseko cha bafa chinalembedwa kuti BAFA, ndipo khola la nkhuku linalembedwa kuti NKHUKU, ngakhale nkhukuzo zinkaonekera bwinobwino pawaya. Kuseri kwa nyumba kunali kadimba, bedi lililonse ndi kathabwa kake: MPIRU, TOMATO, ANYEZI. Akazi awo, a Veronica, amene ankasoka zovala pakhonde, ankauza anzawo kuti pakhomopo atsala ndi iwo okha osapachikidwa thabwa pachifuwa. Kutchalitchi a Nyasulu anali mkulu wa mpingo, munthu wofatsa, woyimba besi, amene sanamvekepo akukangana ndi wina aliyense.

Mbewu zinabwera ndi a Thumbiko, mlongo wa a Veronica, amene ankagwira ntchito ya m'maluwa kwa mzungu wina ku Area 43. Mzunguyo anabwerera kwawo referendamu itangotha, ndipo anasiyira a Thumbiko magambutsi, keni yothirira ndi kabati yodzaza timapaketi ta mbewu. A Thumbiko, poona kuti timapaketito tikudya malo, anakhuthulira mbewu zonse m'chitini chimodzi cha mkaka wa ufa, mapepalawo n'kuyatsira mbaula. Alamu awo atawafunsa kuti ndi mbewu zanji, anayankha kuti adona ankadzala okha, iwo ankangothirira, ndipo mayina ake ankamveka ngati munthu akuyetsemula.

A Nyasulu anathira mbewuzo pachikhatho. Zinali nthanga, zosasiyana ndi za maungu, kungoti zina zazing'ono. Anazidzala m'chilimwe, m'mabedi a kumapeto, ankathirira ndi madzi a pampopi m'mawa ndi madzulo, ndipo analemba thabwa labwino la zilembo zofiira kuti DZUNGU.

Zinamera zonse. Koma dzungu limayanga, limakwera mpanda, limakalowa kwa aneba. Izi zambiri zinangokhala malo amodzi ngati anthu odikira basi, masamba ake otambalala, amawangamawanga, oyabwa m'mikono. Kenako zinachita maluwa, n'kuyamba kubereka, ndipo mavuto anayambira pomwepo. Zina zinabereka zazitali zobiriwira ngati nkhaka. Zina zinabereka zoyera zaphwanthiphwanthi, m'mphepete mwake mopindikapindika ngati chivundikiro cha poto chimene chagwa kangapo. Zina zinali zozungulira, zakuda bii, zokwana m'manja. Ndiye panali zachikasu za khosi lopindika ngati bakha wogona.

A Nyasulu anayima pakati pa dimba nthawi yaitali. Kenako anazula thabwa lija, analipaka penti yoyera, n'kulizikanso lopanda mawu. Pakudya analengeza kuti palibe adye kanthu ka m'mabedi amenewo mpaka dzina lake litadziwika, pakuti safunsa anadya phula.

Woyamba kupereka maganizo anali neba wawo, a Jeremiah Kachingwe, munthu wa ku Ntchisi amene ankagwira ntchito ku fakitale ya fodya ku Kanengo. Anasuzumira pampanda wa udzu ndipo anagamula nthawi yomweyo kuti onsewo ndi maungu wamba, kungoti adwala ndi mankhwala a m'madzi a pampopi. Anati m'tauni ngakhale ana amabadwa mosiyana ndi a kumudzi. Akazi awo, a Annette, anatsutsa. Anati zazitalizo ndi nkhaka zonenepa, ndipo zozungulirazo ndi zipwete zometedwa. Mbiri itafika kwa amayi a kumsika, anayamba kubwera awiriawiri ngati odzaona khanda. Wina anati ndi mphonda. Wina anati ndi chinkhupule, mungochisiya chiume mudzasambire. Mayi wina wogulitsa makala anayang'ana zoyera zija, anabwerera m'mbuyo, n'kunena kuti zimenezo si zakudya ayi, ndi nsupa za azungu.

Aliyense akatchula dzina, a Nyasulu ankamvetsera mwaulemu, kenako ankafunsa ngati mwini wake wa mbewuyo ananena choncho. Poti palibe anakumanapo ndi mwini wakeyo, thabwa linakhalabe loyera.

Zipatsozo sizinadikire. Zazitali zija zinachoka pa msinkhu wa chala, zinafika pa mkono, kenako pa ntchafu ya munthu wamkulu. A Veronica ankaziyang'ana pawindo akusoka, mtima ukuwawa. Ankati akale amanena kuti maungu amabereka kwa wopanda mphika, koma pakhomo pano mphika ulipo, nkhuni zilipo, chotchinga ndi mwamuna basi.

Mu Disembala a Nyasulu anaganiza zopita nacho chimodzi kumsika waukulu m'tauni, kumene kumafika anthu a maboma onse. Anasankha chachikulu kuposa zonse, anachikulunga m'chitenje kuti chisakandike, anachimanga ndi linya chopingasa pakaliyala, n'kuuyatsa ulendo. Inali sabata ija asilikali ankalanda mfuti kwa apayoniya, ndipo anthu anzeru ankakhala m'nyumba. A Nyasulu ankaona kuti nkhaniyo siikukhudza anthu a zikwangwani.

Pafupi ndi Area 18 anapeza msewu utatsekedwa ndi migolo. Msilikali wachinyamata anawaimitsa, anayang'ana katundu wautali uja, n'kufunsa mwaulemu ndithu kuti anyamula chiyani.

"Sindikudziwa," anayankha a Nyasulu, poti sananamepo.

"Abambo, mwanyamula chinthu osachidziwa? Wakupatsani ndani?"

"Alamu anga. Iwonso anawasiyira mzungu wina amene anachoka m'dziko muno posachedwapa."

Msilikaliyo anabwerera m'mbuyo pang'ono ndi kufunsa ngati chilipo chokhachi. A Nyasulu anafotokoza kuti kuseri kwa nyumba kwawo zadzaza, ndipo zina ndi zozungulira, zakuda, zokwana bwino m'manja.

Posakhalitsa msewu wonse unali mbee. Amayi amene ankadikira minibasi anagona m'ngalande ndi madengu awo. A Nyasulu anauzidwa kuti amasule katunduyo pang'onopang'ono, amugoneke paphula, kenako aime patali manja ali m'mwamba. Anachita zonsezo mosamala, akungodandaula kuti phula latentha, chinthucho chingaphulike. Mawu amenewo sanawathandize. Kunabwera sajeni wamkulu thupi, amene anatenga nsungwi yaitali n'kuyamba kufunyulula chitenje chija ali chapatali. Chitenje chinachoka. Chinthu chobiriwira chinagona pakati pa msewu, chikunyezimira padzuwa.

Sajeniyo anachigogoda ndi nsapato, kenako anachitumbula ndi mpeni. Munali nthanga ndi mnofu woyera. Asilikali anasonkhana, ndipo nawonso anayamba kukangana. Wa ku Mulanje anati kwawo zoterezi amadyetsa nkhumba, wa ku Karonga anati sanazionepo chibadwire. A Nyasulu, manja akadali m'mwamba, anaona kuti mwayi wafika.

"Bwana, poti mwachitsegula, chimenechi ndi chiyani?"

"Si bomba," anatero sajeniyo. "Zinazo si za asilikali. Pitani kwanu, madala."

Kumsika sanafikeko. Koma atabwerera kunyumba anali wokondwa pang'ono, chifukwa kwa nthawi yoyamba munthu waudindo anali atanenapo kanthu. Anatenga burashi n'kulemba pathabwa lija kuti SI BOMBA. Alendo atsopano akaliwerenga ankathamangira kuchipata.

Thandizo linachokera kumene sankaliyembekezera. Fiona ankaphunzira unamwino pa kachipatala ka masisitere cha ku Chinsapo, ndipo anafotokozera anzake nkhani ya pamsewu ija. Sisitere wina wokalamba wa ku Italy, amene anakhala m'Malawi zaka zambiri ndipo ankalankhula Chichewa cha ku Dedza, anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kupempha kuti akaone. Anafika Loweruka pa njinga yamoto, nsalu ya kumutu ikuuluka pansi pa chipewa chachitsulo. A Nyasulu anamulandira mwamantha pang'ono, chifukwa pakhomo pawo panali pasanapondepo munthu wa Chiroma wovala yunifolomu.

Sisitereyo atangoona zazitali zija anagwira kumutu. Anati kwawo amazitcha zukini, ndipo zimathyoledwa zikadali ngati chala, zanthete. Anati kuzisiya mpaka kufika pamenepa kuli ngati kusunga mwana kumsana mpaka amere ndevu. Zoyera zija anati ndi patisoni. Zozungulira ndi zachikasu anazidziwanso, anati onsewo ndi pachibale, ana a nyumba imodzi ndi dzungu. A Nyasulu anamupempha kuti atchule chilembo chimodzichimodzi, iwo akujambula ndi chala pa dothi. Anafunsa ngati ku Italy ndiye kwawo kwa mbewuyi, ndipo sisitereyo atavomera za zukini, a Nyasulu anapuma mpweya wautali. Mwini wake anali atanena. Mlendo ndiyedi amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Tsiku lomwelo matabwa onse analembedwa. Sisitereyo analowa m'khitchini ndi a Veronica, anakazinga tating'ono ndi anyezi, ndipo anafuna kuwaphunzitsa kuti maluwa ake amadyedwanso. A Veronica anamuuza mwaulemu kuti chiluwe anayamba kudya asanamere mano onse. A Nyasulu analawa, anatafuna nthawi yaitali, ndipo anati zikukoma ngati madzi amene anangodutsa pafupi ndi dzungu. Komabe anamaliza mbale yonse. A Jeremiah, ali pampanda, ankang'ung'udza kuti mkulu wa mpingo wayamba kudya maungu a Chiroma, koma atapatsidwa mbale yawo sanaibweze.

Nkhani ikanathera pamenepo. Koma a Nyasulu anasunga nthanga za zikuluzikulu zija, mtundu uliwonse m'botolo lake, ndipo chaka chotsatira anadzala mwadongosolo, mbewu iliyonse pansi pa thabwa lake. Zimene zinatuluka zinawasokoneza mutu. Pansi pa ZUKINI panabereka chinthu chozungulira cha njerewere thupi lonse. Pansi pa PATISONI panatuluka chachitali, theka chobiriwira theka chachikasu, ngati munthu wobwereka thalauza. Panalibe phando limene linafanana ndi linzake, ndipo panalibe chofanana ndi cha chaka chatha. Matabwa onse anali akunama, ndipo wowalemba anali iwo.

Anadzaza dengu n'kupalasa njinga mpaka ku Chinsapo. Sisitere uja anatembenuza chimodzichimodzi, ndipo anafotokoza kuti ndi ntchito ya njuchi. Njuchi zinkachoka pa duwa la uyu kupita pa duwa la uyo, zikunyamula ufa wa maluwa, ndiye ana ake atengera uku ndi uku. A Nyasulu anafunsa kuti tsono mayina ake ndi ati.

"Alibe," anatero sisitereyo. "Ngakhale ku Italy sanazionepo zimenezi. Zabadwira kwa inu, bambo. Mwini wake ndinu."

Ulendo wobwerera anayenda wapansi, akukankha njinga. Moyo wawo wonse anali wolembera eni, ndipo tsopano atakula anali atasanduka mwini mosafuna. Anapempha akazi awo kuti atche ndiwo, koma a Veronica anati iwo ntchito yawo ndi kuphika, osati kubatiza. Anapempha a Thumbiko, amene anatchula mayina a magalimoto okhaokha. Masiku angapo a Nyasulu ankasakaniza penti molakwika, ndipo kutchalitchi besi yawo inkalowa mochedwa.

Kenako anapeza njira. Sadzapeka dzina latsopano ayi. Adzatenga mayina amene alipo kale, a anthu amene amawalemekeza, monga amachitira makolo potcha mwana dzina la agogo ake. Chachikulu chokhazikika bwino anachitcha JEREMIAH. Chachikasu cha khosi lopindika chinakhala VERONICA, chifukwa ndi momwe akazi awo ankaweramira pa makina osokera. Cha njerewere chija anachitcha ANNETTE, poti chinali cholimba, chosagonja ku tizilombo. Chachitali chopanda kanthu m'kati chinakhala THUMBIKO. Ndipo chokongola kuposa zonse, cha mizere yagolide, chosalala ngati chapakidwa mafuta, anachisungira mtumiki wa Mulungu. Analemba kuti ABUSA.

Mpanda wa udzu susunga mawu. M'mawa wina mayi wodutsa ndi ndowa anamva a Nyasulu akuuza akazi awo modandaula kuti a Jeremiah ayamba kuola kumunsi, ndipo akapanda kuwatembenuza safika Lamulungu. Dzuwa lisanafike pamutu nkhaniyo inali itazungulira sekitala yonse ya lokeshoniyo. A Jeremiah pobwera ku ntchito anapeza amayi a chigwirizano atadzaza pakhonde pawo, akuyimba nyimbo za odwala, atabweretsa nthochi ndi thobwa. Anafuna kufotokoza kuti ali bwino, koma ataona nthochizo anayamba kutsimphina pang'ono, ndipo analola kuti awayalire mphasa. Zinaululika pamene amayiwo anapempha a Annette kuti anene chimene madokotala apeza kumunsiko.

A Annette anapita okha kukaona dimbalo. Anawerenga matabwa mpaka anafika pa dzina lawo. Anayang'ana njerewere zija, anayang'ana chachikasu chosalala cha a Veronica, ndipo anatuluka osatsanzika. A Nyasulu anawatsatira akufotokoza za kulimba ndi kusagonja ku tizilombo, koma zinangoipiraipira. Kuyambira tsiku limenelo mtondo umene mabanja awiriwa ankabwerekana sunadutsenso pampanda.

Patapita masiku ochepa, wina anamvanso a Nyasulu akunena kuti abusa akhwima, awadula Loweruka. Akulu a mpingo awiri anapita kukachenjeza abusa kuti asamayende okha. Loweruka lake a Nyasulu anafikadi kunyumba ya abusa ndi mpeni m'thumba, koma anali atanyamulanso chipatso chokongola chija m'mbale yovundikira. Abusawo, munthu wa ku Dowa wokonda nthabwala, analandira mphatsoyo ndi manja awiri ndipo anauza amayi busa kuti aphike tsiku lomwelo.

Chinali chowawa ngati ndulu. Amayi busa analavula nthawi yomweyo, koma abusa, poganizira kuti ndi mphatso ya mkulu wa mpingo ndiponso yotchedwa dzina lawo, anameza nthuli zingapo. Lamulungu lake ulaliki unali waufupi kuposa wina uliwonse umene mpingowo unamvapo. Abusa anawerenga mawu, anati mawuwo akudzifotokoza okha, anapempha kwaya kuti iyimbe ndime zonse, n'kutulukira khomo la kumbuyo akuyenda mofulumira. Kwaya inamaliza ndime zonse, inayambiranso, ndipo abusa atabwerera ali thukuta kamukamu anangodalitsa anthu ali chiimire pafupi ndi khomo lomwelo.

A Nyasulu anaitanidwa ku seshoni, bwalo la akulu a mpingo. Anavala jekete yawo ya maliro, atatsimikiza kuti ukulu wa mpingo watha. Mlandu unayamba bwino ndithu. Mkulu wina anati ndi chipongwe kutcha ndiwo mayina a anthu a Mulungu. Koma polankhula anapitirira, n'kufunsa kuti ngati zinali zolemekeza, bwanji iye amene watumikira mpingo kuyambira ukadali pansi pa mtengo sanapatsidwe ngakhale kamodzi kakang'ono. Wina anaimirira n'kunena kuti iyenso ndi zomwezo, ndipo a Jeremiah amene apatsidwa chachikulu sabwera n'komwe ku mapemphero a m'milaga. Posakhalitsa zinaoneka kuti okwiya chifukwa chotchulidwa ndi ochepa, ambiri akwiya chifukwa chosiyidwa.

Abusa, amene anali ataonda pang'ono, anangofunsa funso limodzi.

"A Nyasulu, musanachipatse dzina langa chipatso chija, munalawa?"

"Ayi abusa. Ndinangoona kukongola."

"Chikomekome cha mkuyu," anatero abusawo. "Musadandaule. Alipo ambiri muno amene amandiona chimodzimodzi, kungoti inu mwachita kulemba."

Chigamulo chinali chakuti chipatso chilichonse aziyamba achinyambita asanapatse munthu, chowawa azichitaya kudzala, ndipo nkhani za kudula kapena kuola azizinena motsitsa mawu. Dzina la munthu lisalembedwe pokhapokha mwini wake atapempha yekha. A Nyasulu anatuluka mtima uli m'malo, chifukwa tsopano anabwerera ku ntchito imene ankaidziwa.

Opempha anachuluka kuposa mabedi. Anthu ankabwera madzulo kudzadziona momwe akukulira, ena ndi manyowa a nkhuku m'jumbo kuti adzithirire. Mkulu uja wa pansi pa mtengo ankafika ndi chingwe kudzayeza ngati waposa anzake. Nyengo yokolola itafika, aliyense anatenga nthanga zake kuti akadzidzale kwawo. A Nyasulu ankawachenjeza za njuchi, koma palibe ankamva.

A Jeremiah anadzala nthanga za JEREMIAH kuseri kwa nyumba yawo, pamalo abwino pafupi ndi bafa. Anazisamalira kuposa momwe anasamalirapo china chilichonse. Phando lalikulu linamera, linachita maluwa, ndipo m'mawa wina a Annette popita kukayanika zovala anapeza labereka. Chinali chachikasu, chosalala, cha khosi lopindika. Aliyense wa mu sekitalamo akanachizindikira. Anali a Veronica.

A Annette sanakuwe. Anaitana amuna awo, anawalozera, n'kuwafunsa kuti mbewu yawo yabereka bwanji mkazi wa neba. A Jeremiah anayang'ana chipatsocho. Anathamangira pampanda kukaitana a Nyasulu, amene anabwera ndi burashi m'manja n'kufotokoza mofatsa zonse zimene sisitere ananena, za maluwa, za ufa wake, ndi za njuchi zimene zimachoka uku kupita uko.

"Njuchi zimenezo," anafunsa a Annette, "zinkayenda nthawi yanji, ine ndili kuti?"

A Veronica atamva anaseka mpaka kuthyola singano ya makina, ndipo kusekako kunamveka kutsidya kwa mpanda. Sabata yomweyo a Annette anaitanitsa ankhoswe ku Ntchisi.

Ankhoswe anafika awiri, amuna achikulire a zipewa, atatopa ndi basi. Anawayalira mphasa pafupi ndi phando lija. Anamva mbali ya mkazi, anamva mbali ya mwamuna, anamvanso a Nyasulu ngati mboni ya njuchi. Anazungulira phandolo, ananunkhiza chipatsocho, wina anachigogoda ndi ndodo. Atanong'onezana nthawi yaitali ananena kuti milandu ya m'banja aweruzapo yambiri, ya mowa, ya ulesi, ya apongozi, koma wa dzungu ndi woyamba. Anagamula kuti mwamunayo sanapezeke ndi cholakwa chogwirika, komabe popeza chinthucho chamera pakhomo pake, agulire mkazi wake chitenje, ndipo phandolo lizulidwe. Zipatso zake anati apita nazo kumudzi ngati umboni. Anapempha kuti awalongedzerenso tomato ndi anyezi pang'ono.

A Jeremiah anagula chitenjecho, ndipo malo aja anawaka simenti. Anati kuyambira pamenepo ndiwo azigula kumsika, kumene zilibe abale.

Chimene chinabwezeretsa mtendere sichinali chigamulo cha ankhoswe. Nyengo itapita, anthu amene anadzidzala kwawo anayamba kubwera ndi madandaulo ofanana. Mkulu uja wa chingwe anadzala dzina lake, zinatuluka za njerewere. Mlembi wa seshoni, njerewere. A Thumbiko, amene tsopano ankakhala ku Kaliyeka, anatumiza uthenga kuti nawonso kwawo ndi njerewere zokhazokha. Mitundu ina inkabwera chaka chimodzi n'kusowa, koma cha njerewere sichinkaphonya, ndipo amayi anapeza kuti ndicho chokhacho chimene sichisungunuka mumphika, chimagwirana bwino ndi nsinjiro. Kumsika wa Area 25 anayamba kuchiitanitsa ndi dzina.

A Annette anamva zimenezi akugula mafuta. Mtsikana wina patsogolo pawo anafunsa wogulitsa ngati Annette alipo lero, ndipo wogulitsayo anati watha kale m'mawa, anthu amachita kulimbirana. A Annette anabwerera kunyumba akuyenda pang'onopang'ono, mutu uli m'mwamba. Madzulo ake mtondo unadutsa pampanda.

A Nyasulu anapitiriza kulemba zikwangwani mpaka chakumapeto kwa zaka zimenezo, pamene maso anayamba kuchita nkhungu ndipo m'tauni munafika makina odula zilembo zomata. Fiona atakwatiwa, iwo ndi a Veronica anaganiza zobwerera ku Embangweni. Mpingo unawakonzera mwambo wotsanzikana, ndipo amayi anabweretsa miphika yosiyanasiyana. A Annette anafika mochedwa, atavala chitenje cha ankhoswe chija, atasenza poto wamkulu wa ndiwo za cha njerewere chija. Anamuika patsogolo pa a Nyasulu, anavundukula, n'kuwauza kuti adye msanga zisanazizire, chifukwa adzuka m'mamawa kudzisenda okha.